Tawasi wa Nyenyezi ya a Papa

"Kodi tawasi wa bambo anu uja ali kuti?"

A Mama anafunsa ataima pakati pa chipinda chochezera, kandulo ili m'manja. Manoy Rodel, mchimwene wanga wamkulu, anali padenga kumanga malata. A Tiya Salud, alongo awo a malemu bambo athu, ankakutira zithunzi za pakhoma m'majumbo. Ine ndinamva bwino lomwe, koma ndinalowetsa mutu m'kabati ngati kuseri kwa mbale kunali chinthu chofunika kwambiri.

Linali tsiku la 24 Disembala, m'mawa. Wailesi inali itanena kale kuti chenjezo lafika pa nambala yachitatu, kuti namondwe alowa m'chigawo chathu cha Albay dzuwa likamalowa, ndiponso kuti magetsi azimitsidwa masana kuopa kuti mawaya akaduka angaphe munthu. Phiri la Mayon linali litabisala m'mitambo kuyambira dzulo lake. Kunja kunali zii, ngakhale atambala a oyandikana nafe anali atasiya mkangano wawo.

Zokonzekera namondwe kwathu sitiphunzitsana, zimangochitika ngati pemphero la pa chakudya. Matayala akale amakwera padenga. Zingwe za luzi la abaka, chomera chonga nthochi, zimachoka pamalata kukamangidwa pazikhomo pansi. Nthochi timazisadza masamba, madzi timadzaza m'ndowa ndi m'mapoto onse, mpunga umalowa m'chigubu chotseka, makalata a malo ndi a ubatizo m'majumbo awiriawiri. Pofika naini koloko zonsezi zinali zitatheka, mawindo atakhomedwa matabwa. Chinatsala chinthu chimodzi. Nyenyezi yathu ya Khirisimasi, nyali ya mapepala, inali idakali pakhonde, ikugwedeza michira yake iwiri.

Nyenyeziyo a Papa anaipanga chaka chimene anakwatira a Mama. Ndi ya nsungwi, nsonga zisanu, yaikulu kuposa gudumu la njinga. Mapepala ake amasinthidwa chaka ndi chaka, koma mafupa, monga ankawatchulira eni ake, ndi omwe aja. M'kati ankaikamo kachitini ka mkaka kodzaza mchenga, n'kuzikamo kandulo. Msewu wathu wonse utagula nyenyezi za pulasitiki zothwanima ndi kuimba nyimbo, a Papa anakhalabe pa kandulo yawo. Ankaipachika kumayambiriro kwa Disembala, ndipo sinkatsika mpaka tsiku la Mafumu Atatu, mu Januwale.

Ntchito yake inkayamba tikangobwera kumanda pa tsiku la Oyera Onse, kumayambiriro kwa Novembala. A Papa ankatsitsa chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati ya zovala. M'menemo munali mpeni wawo wosemera nsungwi, ulusi, nthenga ya tambala, ndi tawasi, mwala woyera uja wooneka ngati mchere waukulu. Ankaswa kachidutswa, n'kusungunula m'madzi ofunda m'kapu yothyoka chogwirira. Kenako ankatenga mapepala opyapyala aja limodzilimodzi, n'kumawapaka madziwo ndi nthenga, mbali zonse ziwiri, pang'onopang'ono kuti asang'ambike. Akatha ankawayanika pachingwe cha zovala. Kuseri kwa nyumba kunkakhala ofiira, achikasu ndi oyera, akuuluzika pakati pa malaya a sukulu, ndipo akauma ankakhala okhuthala pang'ono, onyezimira ngati awazidwa shuga. Ntchito ya ine ndi Manoy inali kutakasa phala la chinangwa lomatira, ndi kulinyambita a Papa akayang'ana kumbali.

Ife tawasi tinkamudziwa ntchito ziwiri zokha. Munthu akasamba amapaka m'khwapa kuti asanunkhe thukuta, ndipo mwana akadwala mosadziwika bwino, sing'anga amaika mwalawo pamakala n'kuwerengapo chimene chalodza mwanayo. Ndiye chaka chilichonse mmodzi wa ife ankafunsa ngati nyenyezi nayo ili ndi m'khwapa. A Papa sankaseka, sankakwiyanso. Ankangoti, "Gwira apa," n'kukupatsa ngodya ya pepala lonyowa. Anali munthu woti amatha kukonza denga lonse osanena kuti likudontha.

Ndili mu giredi yachiwiri kunabwera namondwe wamkulu amene anagwetsa mapolo onse, ndipo magetsi sanabwere mpaka Febuluwale. Nyenyezi zoimba zija zinangoti lende, chete. Ya a Papa yokha ndi imene inkawala mumsewu monse, ndipo anthu popita ku Misa ya m'mamawa ankadzera dala pakhomo pathu. Mayi wina wogulitsa nsomba ankaima pageti, n'kuchita chizindikiro cha mtanda ngati wafika patchalitchi. A Papa anangoti kandulo zakwera mtengo.

Atamwalira, zaka zitatu zapitazo, Manoy anali atalowa kale ntchito yozimitsa moto. Anachotsa kachitini kaja n'kukulunga timababu m'kati. A Mama analola, koma anati tawasi yekha asalekeke. Zomata mapepala zinagwera ine, chifukwa ndine ndimabwera kuchokera ku Manila pa Oyera Onse, komwe ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Chaka choyamba ndinayang'ana nthenga ija ndi kapu, ndinayang'ananso mulu wa mapepala, ndipo ndinaona tsiku lonse likupita chifukwa cha mwambo wothamangitsa tsoka. Ndinamata osapaka. A Mama anafunsa ali kukhitchini ngati ndapaka, ine ndinati eya. Chaka chachiwiri bodzalo linatuluka mosavuta. Chachitatu sindinatsegule n'komwe chitini cha mabisiketi.

Manoy atatsika padenga, thukuta lili kamukamu, anapita molunjika pakhonde n'kuzula waya wa timababu. Sabata yonse anali atayenda nyumba ndi nyumba kudzudzula anthu olumikiza mawaya asanu pa soketi imodzi, ndipo mawu ake anali asanabwerere pa mlingo wa pakhomo. Anauza a Mama kuti nyenyezi itsike, ikulungidwe, ikagone pansi pa bedi mpaka mphepo itadutsa.

A Mama anati kutsika itsika, chifukwa iwo si chitsiru choti n'kusiya pepala panja pa namondwe. Koma pansi pa bedi sipitako. Ipachikidwa pamtanda wa denga m'chipinda chochezera, kachitini kabwerera m'malo mwake, ndipo pa chakudya cha Khirisimasi iyaka ndi kandulo monga ankachitira mwamuna wawo. Magetsi akuzima, timababu tako tithandiza chiyani?

Manoy anakhala pansi pang'onopang'ono. Anafotokoza ngati akulankhula kwa ana a sukulu kuti nyumba yathu ndi ya matabwa, kuti mphepo imalowa m'ming'alu ngakhale utakhoma bwanji, kuti nyenyezi ikagwedezeka lawi ligunda pepala, ndipo galimoto yawo yozimitsa moto singatuluke pakati pa namondwe ngakhale woyimba foni atakhala mayi ake.

"Zaka twente eyiti yayaka ndi kandulo," anatero a Mama. "Inapsapo?"

"Unali mwayi, Ma."

"Unali tawasi."

"Tawasi ndi wa m'khwapa."

"Ndiye wayamba liti kumudziwa?" a Tiya Salud analowerera osadzutsa mutu pa zithunzi zawo. "Pakuti uli mnyamata tinkadziwira pageti kuti Rodel wafika."

A Mama sanaseke. Anati iwo sadziwa kuti mwalawo umathamangitsa chiyani, kaya ndi mizimu, kaya ndi diso la anthu ansanje, koma bambo athu sanayatsepo kandulo m'pepala losapaka, ndipo Nene wakhala akupaka chaka chilichonse. Nene ndine. Anangofuna kachidutswa kena koti aike m'kachitini pafupi ndi kandulo, kuti mtima ukhale pansi. Anandiyang'ana, ndipo ine ndinayang'ana ndowa za madzi n'kunena kuti imodzi ikuoneka ngati ikudontha.

Ndinatuluka nayo panja. Mphepo inali itayamba, yofunda, yobwera mwa apo ndi apo, ikutembenuza masamba a kokonati. Ndinaima pafupi ndi chingwe cha zovala, chimene tsopano chinali chopanda kanthu, ndikudziuza kuti palibe kusiyana kulikonse. Pepala ndi pepala. Manoy apambana mkanganowo, kandulo siyatsidwa, ndipo bodza langa lipitiriza kugona pamene lagona. Koma a Mama ndimawadziwa. Samakangana kawiri. Amangodikira kuti utuluke.

Pobwerera ndinapeza a Tiya ataima pakhomo la bafa, atanyamula kanthu pakati pa zala ziwiri, kutali ndi mphuno. Kanali kamwala koyera, kosalala, kochepa ngati mtedza.

"Puring, si ameneyu mukumufunayu?" anafunsa a Mama, powatchula dzina lawo. "Anali kuseri kwa sopo."

Tawasi wa a Papa anali wamkulu ngati chibakera changa. A Mama anakalandira kamwalako, anakatembenuza, kenako anayang'ana Manoy. Iye anakanda kumutu n'kunena kuti anamutenga m'chitini chaka chimene a Papa anamwalira, pamene ankayamba kuyenda ndi Marites, amene tsopano ndi mkazi wake. Ankati abweza. Kenako anazolowera, moti akabwera kudzagona kuno amamupeza pomwepo.

"Ndiye cholowa cha mchimwene wanga chathera m'khwapa mwako," anatero a Tiya. "Marites akudziwa kuti anakopeka ndi chiyani?"

Manoy anaseka. Ine ndinayesa kuseka nawo. A Mama anali akuwerenga m'mutu, ndipo ndinaona pamene anafika pa yankho.

"Ngati wakhala kubafa zaka zitatu," anatero, "iwe umapaka chiyani, Nene?"

Pali mabodza ena oti ukhoza kuwawonjezera chipinda. Ndikanatha kunena kuti ndinkagula wanga kumsika wa ku Tabaco. Koma anandifunsa modekha kwambiri, ngati akufunsa ngati ndadya.

"Sindinapakepo, Mama."

"Ngakhale chaka choyamba?"

"Ngakhale choyamba."

Sanakalipe. Anaika kamwala kaja m'thumba la diresi, anakoka mpando, anakwerapo okha atakana dzanja la Manoy, n'kutsitsa chitini cha mabisiketi. Anachiika patebulo n'kuchitsegula. Munatuluka fungo la dzimbiri ndi fodya wakale. Mpeni unalimo, nthenga inalimo, kapu yothyoka ija, kachitini ka mchenga, ndipo pansi penipeni panali zidutswa za mapepala zotsala pa nyenyezi yomaliza imene a Papa anamata okha. Zofiira zinali zitasuluka. A Mama anazisalaza ndi chikhatho, ndipo kuwaona akutero kunandiwawa kuposa mbama.

Manoy, pofuna kundipulumutsa kapena pofuna kumaliza nkhani yake, anati zilibe kanthu kuti wapaka kapena sanapake, ndipo awaonetsa chimene amaonetsa ana m'masukulu. Anabweretsa beseni la madzi n'kuliika pansi pakati pa chipinda. Anatola kachidutswa kamodzi ka a Papa, anakagwira pamwamba pa beseni, n'kutiuza kuti tiwerenge masekondi.

Anakhwatcha machesi. Lawi linanyambita m'mphepete mwa pepala, m'mphepetemo munada, munapindika pang'ono, ndipo machesi anathera pa zala zake. Anati pepalalo lagwira chinyezi. Anakhwatcha ena. Pepala linadanso, kamoto kofiira kanayenda pang'ono ngati nyerere, n'kuzima kokha. Pa machesi achitatu a Tiya anayamba kuwerenga mokweza, mwadala, mpaka anafika pa teni.

"Tipitirize, a ozimitsa moto? Kapena tiitane anzanu adzakuthandizeni kuyatsa?"

Manoy anatuluka pakhonde, anadula kachidutswa kumchira wa nyenyezi, pepala langa la mwezi wathawu, n'kubwera nako. Machesi asanafike n'komwe bwinobwino, kanangoti lawi. Anakataya m'beseni akupukusa dzanja, ndipo pamadzi panayandama kaphulusa kakuda.

Tonse tinakhala tikuyang'ana m'beseni. Ine ndinkaona tsamba la buku limene ndinaphunzira chaka chachiwiri ku yunivesite, la mchere umene kale ankanyikamo nsalu ndi mapepala kuti zisagwire moto msanga. Ndinalemba mayeso pa zimenezo ndipo ndinakhoza. Dzina lake m'bukumo linali lalitali, lachizungu, ndipo sindinaganizepo kuti ndi mwala womwe uja wa kuseri kwa sopo.

"Ine ndinkati n'zothamangitsa tsoka," anatero a Mama, mawu ali pansi. "Zaka zonsezi. Bwanji sanangonena?"

A Tiya anakhala pampando, chithunzi cha ukwati chili pamiyendo. Anati ali ana, Teryo, kutanthauza a Papa, ali ndi zaka naini, khitchini ya makolo awo inapsa sabata ya Khirisimasi, ndipo chinayambitsa ndi nyenyezi imene iye anapanga kusukulu. Palibe anavulala kupatula nkhumba, imene inadyedwa msanga kuposa mmene anakonzera. Bambo awo sanam'menye, ndipo mwina n'chimene chinam'pweteka kwambiri. Chaka chotsatira Teryo ankapita Loweruka lililonse kwa mkulu wina wopanga nyenyezi za tchalitchi, kukasesa ndi kunyamula nsungwi. A Tiya anati iwo ankayesa akupita kukadya.

"Kunena akananena," anawonjezera. "Koma ndani anafunsa bwinobwino? Tonse tinali pa nkhani ya m'khwapa."

Ndinati tikhoza kukonzabe. Kamwala katsalako tikasungunule, tipake pamapepala ali panyenyezipo. A Mama anafunsa ngati kangakwane mbali zonse ziwiri, ndiponso ngati pepala lingaume ndi mpweya wonyowa chonchi. Yankho ndinkalidziwa. Ndinati nanga zidutswa za a Papa, koma zonse pamodzi sizikanaphimba ngakhale nsonga imodzi. Manoy, mawu ake atabwerera pa mlingo wa mwana wa m'nyumba, anati ali ndi tochi yaing'ono yowala mwachikasu, ndipo akaimangirira m'kati palibe angasiyanitse. A Mama anamuyang'ana mpaka anasiya kulankhula.

Nthawi yomweyo wailesi inaduka pakati pa chiganizo, ndipo furiji inasiya kulira. Anali atazimitsa magetsi ola lathunthu nthawi yake isanakwane. Ndi matabwa aja pamawindo, m'nyumba munada ngati madzulo, ngakhale inali isanakwane wani koloko. Padenga thayala limodzi linasuntha, chingwe chinalira.

"Kaitenge nyenyeziyo," a Mama anauza Manoy.

Anailowetsa cham'mbali chifukwa pakhomo siikwana, madontho oyamba a mvula ali pamapepala. A Mama anaigoneka patebulo. Anatenga mpeni wa a Papa, analowetsa nsonga yake pansi pa pepala, n'kuyamba kumatula. Sanang'ambe mwaukali. Ankachotsa mbali imodzi, n'kuipinda kanayi, n'kuiponya m'beseni la madzi lija, kenako ina. Ndinafuna kuthandiza koma sanandipatse malo, ndiye ndinagwira tochi ya Manoy kuti aziona. Anamasula timababu n'kupatsa mwini wake.

Mafupa aja ndinawaona katatu pomata, koma nthawi zonse ndinali pa changu, ndikuganiza za basi yobwerera. Tsopano ndinawayang'ana. Nsungwi zinali zitasanduka zofiirira ngati uchi. Mfundo iliyonse inali yomangidwa mofanana, kuzunguliza kasanu n'kubisa nsonga ya ulusi. Pamwamba pa malo a kandulo, kansungwi kopingasa kanali kakuda ndi mwaye wa zaka twente eyiti, ndipo pamenepo a Papa anali atakulungapo kachidutswa ka lata, kodulidwa bwino pachitini cha nsomba, kuti kutentha kusafike pamtengo. Chaka choyamba chija kanandicheka chala ndipo ndinakatukwana.

A Mama anapukuta nsonga zonse zisanu ndi kansalu konyowa. Anapita kuchipinda n'kubwera ndi malaya a a Papa a mizeremizere, aja ankavala popita kumunda wa abaka, anafunditsa mafupawo, n'kulowetsa zonse m'thumba lalikulu la pulasitiki. A Tiya anamanga kukamwa kwake ndi chingwe. Manoy anakweza thumbalo pamwamba pa kabati, kumene madzi sanafikepo ngakhale pa namondwe wamkulu uja.

Kandulo ija a Mama anaizika m'kachitini ka mchenga, anaika kachitiniko m'mbale ya madzi pakati pa tebulo, n'kufunsa Manoy ngati pamenepo a boma akuvomereza. Iye anati akuvomereza. Anafunsanso ngati Marites ndi mwana afika mphepo isanakule, ndipo iye anati ali m'njira ndi mphika wa zakudya zonse za mawa, chifukwa furiji yawo nayo yafa. A Tiya anadzuka kukatenthetsa masamba a koko ophika mu mkaka wa kokonati, akudandaula kuti tsabola wachepa.

Ine ndinatsala patebulo ndikubwezera zinthu m'chitini cha mabisiketi: kapu, nthenga, ulusi, zidutswa zija, mpeni pamwamba. Ndisanatseke, a Mama anatulutsa kamwala kaja m'thumba la diresi n'kukaponyamo. Kanalira pa lata. Anatseka okha chivindikiro, anachikanikiza m'makona onse anayi, n'kukankhira chitinicho mbali yanga.

"Misewu ikatseguka, ukamabwerera ku Manila, utenge ichi ndi nyenyezi," anatero. "Pano sidzapachikidwanso."